Maimelo a zaka zambiri: ndiwasamutse bwanji osataya ngakhale imodzi?

Nachisale_A25
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi adiresi ya Yahoo yomwe ndinatsegula mu 2006 pa internet cafe ina ku Old Town, nthawi ija tinkalipira potengera mphindi zomwe wakhala pa kompyuta. Masiku ano za bizinesi ndi za pafoni zonse ndikuyendetsera pa Gmail, ndiye ndikufuna nditsale ndi adiresi imodzi basi. Chikundimanga ndi zomwe zili mu yakaleyo. Muli makalata omwe malemu achimwene ankandilembera ali ku Johannesburg, muli zokambirana zonse ndi bambo amene anatigulitsa puloti ku Area 49 pamodzi ndi malisiti ojambula, mulinso mapepala a sukulu a ana. Mwana wa achemwali anga akuti ndizipanga forward imodziimodzi, koma maimelowo alipo masauzande. Palibe njira yonyamulira onse pakamodzi? Nanga ndikasamutsa, yakaleyo nditseke?

Dzukani99
Osatseka mayi! Zinazo akuyankhani odziwa, koma batani lotsekera akaunti musalikhudze.

Seva_Kanengo
Anachisale, za forward zija zisiyeni, ndipo chifukwa chake si kuchuluka kwa ntchito kokha. Imelo mukaipanga forward imasanduka yatsopano: wotumiza ndi inuyo, tsiku ndi lalero. Kalata ya achimwene ya mu 2009 idzaoneka ngati mwadzilembera nokha sabata ino, ndipo mukadzafufuza ndi dzina lawo kapena chaka mudzavutika. Pa za puloti ndiye zoipiratu, chifukwa chomwe chimapatsa imelo mphamvu ndi mizere yobisika ya pamwamba pake, yonena kuti inachokera kuti, inadutsa seva ziti (makompyuta a makampani osunga ndi kutumiza maimelo), nthawi yanji. Forward imataya zonsezo.

Njira yapafupi ili mu Gmail momwemo, koma muitsegule pa kompyuta, osati pa app ya pafoni. Pitani ku Settings, kenako See all settings, kenako Accounts and Import. Pamenepo pali mawu akuti Import mail and contacts. Mulemba adiresi ya Yahoo, akupemphani kuti mulowe ndi kuvomereza, basi ntchito yayambika. Kukoperako kumachitika pakati pa makompyuta awo, ndiye sikukudyerani bandulo, mutha kuzimitsa laputopu n'kukagona. Amanena okha kuti zimatha kutenga mpaka masiku awiri. Komanso kwa masiku 30 maimelo atsopano ofika ku adiresi yakale amapitiriza kubwera ku yatsopano. Akatha masikuwo zimaima.

Wa_ku_Biwi
Musanadine chilichonse onani kaye malo. Gmail yaulere ndi 15 GB, ndipo malowo ndi ogawana ndi Google Drive komanso Google Photos. Ambirife zithunzi za maukwati ndi ma bridal shower zinadzaza kale kumeneko osadziwa. Ikadzadza, maimelo atsopano salowa ndipo inunso simungatumize.

Nachisale_A25
Ndaona, akuti ndagwiritsa ntchito 11 GB. Ndiye kwatsala pang'ono.

Wa_ku_Biwi
Lembani larger:10M m'kabokosi kofufuzira ka Gmail, akuonetsani maimelo onse olemera kuposa 10 MB. Kawirikawiri amakhala mavidiyo omwe anthu ankatumizirana kale. Mukafufuta, pitaninso ku Trash mukakhuthule, apo ayi akhalabe akudya malo kwa masiku 30.

Nkhwazi47
Koma ine ndifunse. Chovutikira n'chiyani? Bwanji osangowasiya komweko maimelowo, tsiku lomwe mwawafuna mukalowe mukawerenge? Akhala bwinobwino kuyambira 2006, lero awonongeke?

Seva_Kanengo
Akhala bwino chifukwa mwini wake amalowamo. Tsiku lomwe asiye kulowamo nkhani isintha. Ku Yahoo, bokosi la makalata likakhala miyezi 12 osatsegulidwa, zomwe zilimo zimatha kufufutidwa. Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kuchotsedwa ndi zonse zomwe zilimo, ndipo anati ayamba mu December chaka chomwecho. A Outlook.com, omwe ndi a Hotmail akale aja, amafunanso kuti uzilowa kamodzi pachaka. Munthu ukasamukira ku adiresi yatsopano, chaka chimatha usanaganizeko za yakale.

Mphunzitsi_Chinsapo
A Nkhwazi, ine zinandionekera. Adiresi yanga yoyamba ndinapatsidwa ndi kampani ina yakonkuno yomwe inkatilumikiza intaneti kusukulu komwe ndinkaphunzitsa. Ndinkawerenga makalata pa tsamba lawo, pa kompyuta panga panalibe chilichonse. Kampaniyo itasiya ntchito ya maimelo, zonse zinapita: makalata ofunsira malo a maphunziro, mayankho ake, ndi zomwe tinkalemberana ndi mnzanga wa ku koleji yemwe pano anatisiya. Ndinapita ku ofesi kwawo, mnyamata wa pa kauntala anangoti seva ija anaizimitsa kale. Panalibe woti ndimuimbe mlandu, chifukwa sindinkalipira kalikonse pa bokosilo. Ndiye Anachisale, kusamutsira ku Gmail n'kwabwino, koma muzindikire kuti mwangochotsa katundu kwa mwini wina n'kumusungitsa kwa mwini winanso. Mukhale ndi kope lanulanu m'nyumba.

Nkhwazi47
Pepani aphunzitsi. Koma kampani yaing'ono ya kuno musaifananize ndi Google. Imeneyo singagwe mawa.

Dzukani99
Kugwa singagwe, koma inuyo mutha kutsekeredwa kunja. Foni yabedwa mu minibasi, pasiwedi mwaiwala, nambala yomwe munalembetsa ndi ija munasiya kalekale. Mulowa bwanji?

Mai_a_Thoko
Apo mwakhudza penipeni. Amuna anga analembetsa imelo yawo ndi nambala yomwe anasiya kuigwiritsa ntchito. Laini ikakhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa n'kupatsidwa kwa munthu wina. Tsiku lomwe anafuna kulowa pa foni yatsopano, kakhodi kaja kankapita ku nambala imeneyo. Tinaimba, anayankha mayi wina wa ku Mchinji, ndipo anakana kutiwerengera nambalazo poganiza kuti ndife akuba aja a pa foni. Sindingawadzudzule, inenso ndikanakana. Mpaka lero akauntiyo ili chitsekere. Anachisale, musanayambe kusamutsa, lowani mbali ya security ya ma akaunti onse awiri muone kuti nambala yolembedwayo ndi yomwe ili m'manja mwanu.

Nachisale_A25
Zikomo amake Thoko, ndayang'ana pompano. Ku Yahoo kunali nambala ya 088 yomwe ndinkagwiritsa ntchito ndili ku Kawale. Ndaikapo ya panopa. Tsono kope la m'nyumba lomwe akunena aphunzitsilo ndilipange bwanji?

Seva_Kanengo
Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Thunderbird, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukaiika pa laputopu mumalowetsamo adiresi ya Yahoo, ndipo ikakufunsani pakati pa IMAP ndi POP, sankhani IMAP. Kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. POP imatsitsa makalata a mu Inbox mokha, mafoda ena ndi Sent imawasiya, ndipo ikakhala kuti sinakonzedwe bwino imafufuta pa seva zomwe yatsitsa. IMAP imakuonetsani mafoda onse monga alili ku seva. Koma nayonso ili ndi msampha wake: zomwe mukuona pa laputopu ndi zomwe zili ku seva n'chinthu chimodzi. Mukafufuta kuno, kwafufutikanso uko. Akauntiyo ikakhuthulidwa, pa laputopu pathanso kukhuthuka. Ndiye kungolumikiza IMAP sikusunga ayi.

Kusunga kwenikweni ndi uku. Kumanzere mu Thunderbird kuli gawo lolembedwa Local Folders. Limenelo ndi la pa kompyuta panu pokha, silikhudzana ndi kampani iliyonse. Pangani foda mmenemo, mwachitsanzo Achimwene, ina Puloti, ina Sent. Sankhani maimelo, dinani kumanja kwa mouse, musankhe Copy To. Ndibwereze: Copy To, osati Move To. Move imachotsa kwakale, ndipo netiweki ikaduka pakati mudzasowa kuti atsala kuti. Yambani ndi foda yaing'ono muone mmene zikuyendera, ndipo muzitenga mazana angapo pa ulendo umodzi, osati bokosi lonse.

Kawale_2
Zonsezi n'za anthu a malaputopu ndi Wi-Fi. Ife a foni basi titani? Komanso ma GB amenewa bandulo yake ndi ndalama zingati, magetsi akuzimazimawa?

Wa_ku_Biwi
Maimelo a mawu okhaokha salemera achimwene. Masauzande angapo amakwana mu ma MB ochepa. Cholemera ndi ma attachment. Ndipo ubwino wa Thunderbird ndi woti magetsi akazima kapena netiweki ikathawa, ikabwera imapitiriza pomwe inalekera. Ine ndinagula bandulo ya usiku n'kuisiya ikuyenda. Kwa wa foni yokha, import ija ya mu Gmail ndi yomwe ingathandize: tsegulani Gmail mu Chrome, musankhe Desktop site, zilembo zichepa koma zimatheka. Apo ayi bwerekani laputopu kwa wachibale kwa ola limodzi, mukamaliza mutulukemo mu akaunti.

Kawale_2
Kapena kungopita kwa anyamata okonza mafoni ku Malangalanga andipangire.

Mai_a_Thoko
Mukapita, mukhale pomwepo mpaka amalize, pasiwedi mulembe ndi dzanja lanu, ndipo mukafika kunyumba muisinthe. Mu imelo ndi momwe mumafikira ma statement a ku banki, ndi momwe mumabwezeretsera pasiwedi ya Facebook ndi zina zonse. Wogwira imelo yanu wagwira zonsezo.

Mzukulu_2003
Koma akuluakulu mukundidabwitsa. Masiku ano ndani akulemberabe mnzake kalata pa imelo? Ife imelo ndi yofunsira ntchito ndi yotsegulira foni yatsopano basi. Zonse zili pa WhatsApp.

Gogo_Likuni
Mdzukulu wanga, WhatsApp inayamba mu 2009, ndipo kuno inafala patapita zaka. Izo zisanabwere, amene anali ndi mbale wake kunja ankapita ku cafe Loweruka, atalemba kale papepala zomwe akufuna kunena kuti asawononge mphindi. Kalata imakhala yaitali, yonena za mvula, za chimanga, za odwala, za fizi. Zimenezo ndi zomwe Anachisale akusunga. Ma voice note anuwa mudzawapeza kuti pakatha zaka 20?

Mzukulu_2003
Ali pa backup agogo.

Wa_ku_Biwi
Backup ya WhatsApp pa Android imapita ku Google Drive, ndipo pano imawerengedwa mu 15 GB yomweija. Mwina ndi yomwe yadya malo a Anachisale.

Dzukani99
Tabwererani ku maimelo abale, nkhani ya WhatsApp ikufunika tsiku lakelake.

Mlembi_CityCentre
Ndilowetseko langa, likufanana. Contract yanga ku bungwe lomwe ndikugwira ntchito ikutha mwezi wamawa. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwiritsa ntchito imelo ya kuntchito pa zanganso: za sukulu ya ana, za inshulansi, ngakhale za landilodi. Timagwiritsa Outlook. Mnzanga akuti ndipange export bokosi lonse likhale fayilo ya PST ndinyamule pa fulashi. Zili bwino?

Seva_Kanengo
Kutheka zimatheka pa Outlook ya pa kompyuta ija yakale: File, Open & Export, Import/Export, kenako Export to a file. Koma bokosi lonse ayi. Imeloyo ndi ya bungwe, ndipo muli mayina, manambala ndi nkhani za anthu ena omwe sanakuvomerezeni kuti muzitengere kunyumba. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act ya 2024. Pangani foda imodzi, muikemo zanu zokhazokha, muuze a IT ndi abwana anu kuti mukufuna kutenga foda imeneyo. Ambiri savuta ukapempha poyera.

Nkhwazi47
Apa ndiye sindikugwirizana nanu akulu. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezo, makalata analemba yekha, lero akapemphe chilolezo? Nanga mawa akamunamizira kuti anasowetsa ndalama za project, umboni wake autenga kuti iwo atatseka bokosi?

Seva_Kanengo
Nkhawayo ndi yomveka, ndipo zokhudza iyeyo mwini monga kalata yolembedwa ntchito, ma payslip, ma appraisal, handover yomwe wasainitsa, azitenge ndithu. Koma kunyamula mwakabisira mndandanda wa anthu olandira thandizo kapena malipiro a anzake, kumeneko n'kudzipalira mlandu womwe panalibe. Fulashi ikatayika mu kabaza, wovutika ndi munthu wakumudzi yemwe dzina ndi nambala ya chitupa chake zili mmenemo.

Mlembi_CityCentre
Ndamva mbali zonse. Ndisankha zanga zokha. Chomwe chandiopsa kwambiri n'choti ku sukulu ndi ku inshulansi akudziwa adiresi ya kuntchitoyo. Ndiyamba mawa kuwalembera.

Gogo_Likuni
Ine langizo langa kwa Anachisale ndi lachikale. Makalata a achimwene anuwo ndi za pulotizo, sindikizani papepala muike mu fayilo ya pulasitiki. Pepala silifuna pasiwedi kapena magetsi, ndipo ana anu adzalipeza mu sutikesi inu kulibe.

Kawale_2
Pepala chiswe chimadya agogo. Kwathu denga litadontha mvula ya chaka chatha, ma certificate anamatana onse.

Mphunzitsi_Chinsapo
Nonse mukunena zoona, n'chifukwa chake kope limodzi silikwana, likhale la mtundu uliwonse. La papepala ndi la maso ndi mtima, komanso la ana. La pa kompyuta ndi la umboni, chifukwa pepala aliyense atha kulitayipa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga a pa kompyuta, ndiye imelo yeniyeni ya wogulitsa puloti uja, yokhala ndi tsiku lake ndi adiresi yake, isungidwe mmene ilili. Mu Thunderbird mukakoka imelo n'kuiponya pa desktop imakhala fayilo ya EML, yonse ndi ma attachment ake. Za puloti zichiteni choncho imodziimodzi, si zambiri.

Wa_ku_Biwi
Ndipo samalani ndi mafulashi otchipa a pamsewu. Yalembedwa 128 GB, kompyuta ikuonetsanso 128 GB, koma mkati muli malo ochepa kwambiri. Imalandira mafayilo osadandaula, mayina onse akuoneka, tsiku lotsegula mupeza mulibe kanthu. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw komwe kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone malo enieni. Yesani musanaikemo chinthu cha mtengo wapatali. Ndipo ngakhale fulashi yabwino siyofunika kuiponya mu drowa zaka zambiri osaiyang'ana. Kope lina likhale pa hard drive, kwa wachibale wa dera lina, kuti akuba kapena moto zisatenge zonse tsiku limodzi.

Dzukani99
Palibe watchula Google Takeout. Zonse zikafika mu Gmail, pitani pa takeout.google.com, chotsani zochonga zonse musiye Mail yokha. Akukonzerani fayilo ya MBOX ya makalata onse n'kukutumizirani link. Link imeneyo imakhala pafupifupi sabata imodzi, ndiye musachedwe kutsitsa. Fayilo ya MBOX simangoidina n'kutseguka, imawerengedwa ndi Thunderbird yomweyo. Muzichita zimenezi kamodzi pachaka.

Nachisale_A25
Ndabweranso abale. Import yatha, makalata a achimwene ndawaona mu Gmail ndi masiku ake enieni, ndinakhala pansi n'kuwerenga mpaka usiku. Koma mtima sunakhazikike. Nambala ya maimelo yomwe ikuoneka ku Gmail ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya ku Yahoo. Ndiye kuti ena atsala m'njira?

Seva_Kanengo
Mwina ayi. Gmail imamanga pamodzi imelo ndi mayankho ake onse n'kuziwerenga ngati chinthu chimodzi. Mukalemberana ndi achimwene kakhumi pa mutu umodzi, pa mndandanda paoneka mzere umodzi. Pitani ku Settings, pa General, mupeze Conversation view muizimitse, muwerengenso. Chinanso, Gmail siisunga imelo imodzi kawiri, ndiye ngati yomweyo inali m'mafoda awiri ku Yahoo, kuno ikhala imodzi. Kumbukiraninso kuti Gmail ilibe mafoda enieni, ili ndi ma label, ndipo zonse zimapezeka mu All Mail.

Nambala zikayandikana, yesani ndi maso. Lembani before:2010/01/01 muone ngati akalekale afika. Lembani has:attachment pamodzi ndi dzina la wogulitsa puloti, mutsegule lisiti lililonse, osangoona dzina la fayilo. Yang'ananinso zomwe inuyo munkatumiza, chifukwa anthu amakondwa ndi Inbox n'kuiwala Sent, chonsecho theka la zokambirana lili kumeneko. Foda ikasowa, ikopereni ndi Thunderbird kuchoka ku Yahoo kupita ku Gmail, pang'onopang'ono, poti Google imaika malire a zomwe ungakweze pa tsiku kudzera pa IMAP ndipo ukapyola imakuimitsa kaye. Zili ngati kusamuka nyumba ya lendi: makiyi sumabweza usanalowe chipinda chilichonse n'kuona kuti simunatsale kanthu.

Nachisale_A25
Ndazimitsa Conversation view, nambala zayandikana. Malisiti a puloti onse akutseguka. Foda imodzi yokha ya Drafts ndi yomwe sinabwere, muli kalata yomwe ndinayamba kulembera achimwene koma sindinaitumize. Ndaikopera ku Local Folders. Tsopano nditseke Yahoo?

Mai_a_Thoko
Ayi ndithu. Siikudyerani ndalama. Pali anthu ndi maofesi omwe akudziwa adiresi imeneyo yokha, ndipo simungawakumbukire onse lero.

Seva_Kanengo
Isiyeni yotsegula. Ikani uthenga woyankha wokha wonena kuti mwasamuka, koma dziwani kuti njira yoti makalata azipita okha ku adiresi ina Yahoo inaichotsa pa ma akaunti aulere kuyambira January 2021, ndiye masiku 30 a import akatha muzilowamo nokha. Njira yosavuta ndi kuiwonjezera pa app ya Gmail pafoni ngati akaunti yachiwiri, komanso muzilowa pa tsamba lawo miyezi ingapo iliyonse. Pasiwedi muisinthe ngati ndi yakalekale, poti mu 2013 ma akaunti onse a Yahoo, okwana 3 biliyoni, anakhudzidwa ndi kubedwa kwa uthenga. Chilichonse chofunika chikafika kumeneko, kaya cha ku banki, ku MRA kapena kusukulu, tsiku lomwelo pitani mukasinthe adiresi kwa amene watumizayo.

Nachisale_A25
Chabwino, ndiisiya. Ku banki ndipita Lolemba ndi chitupa, akuti kusintha imelo amafuna munthu afike yekha adzaze fomu. A Wa_ku_Biwi, kapulogalamu koyesera fulashi kaja kamatenga nthawi yaitali bwanji? Ndagula ya 32 GB.

Wa_ku_Biwi
Zimatengera liwiro la fulashiyo, koma ipatseni ola limodzi kapena awiri, laputopu ili pa chaja. Muiyese ilibe kanthu, ndipo ikamaliza mufufute mafayilo oyesera omwe kasiyamo musanaikemo makalata.